Timabuku ta Zithunzi Takale Tisathere m'Mbaula

Munthu akayenda m'misika ya m'makomboni a Lusaka, kaya ndi ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere, aona kuti pepala lakale silisowa nchito. Amai ogulitsa zitumbuwa akulungira malonda ao m'pepala, wa nshawa zokazinga apinda pepala kukhala kathumba, wosuta apiciramo fodya wake, ndipo m'mamawa pepala lomwelo ndilo likoleza makala m'mbaula. Palibe colakwa pa zimenezi, pakuti kusowa kuphunzitsa munthu kusataya kanthu. Koma pakati pa mapepala amene akuthera m'moto pali ena osayenera kupsa, cifukwa akapsa sadzaonekanso. Amenewa ndi timabuku ta nthano za m'zithunzi, timene ana amati makomiki, pamodzi ndi zikuto zao zokongola.

Nkhani imene yautsa mau awa icokera kutali. M'mwezi wa Novembala caka ca 2025, ku America, kabuku kamodzi ka zithunzi kochedwa Superman nambala 1, kosindikizidwa mu 1939, kanagulidwa pa mtengo wa madola 9.12 miliyoni. Anakapeza ndi amuna atatu apacibale pamene anali kulongosola katundu m'denga mwa nyumba ya malemu mai ao ku California. Kanali m'katoni, pansi pa manyuzipepala akale. Pa nthawi imene kanatuluka, mwana wa sukulu anali kukagula ndi masenti 10 cabe. Mu 2024, kena kochedwa Action Comics nambala 1, ka mu 1938, kanagulidwa pa madola 6 miliyoni. Mlimi amene adziwa thukuta lotulutsira thumba limodzi la cimanga angafunse kuti misala yotere icokera kuti. Funsolo ndi loyenera, ndipo m'yankho lake muli phunziro kwa anthu a m'dziko lino.

NYENGO YA GOLIDE

Anthu amene amasonkhanitsa timabuku totere amacha zaka zoyambira 1938 kufikira ca m'ma 1956 kuti nyengo ya golide. M'zaka zimenezo ndimo munabadwa ngwazi zopeka za mphamvu zoposa za munthu: zina zouluka m'mlengalenga, zina zopinda zitsulo ndi manja, zina zosalasika ndi cipolopolo. Ngwazi zimenezi zifanana ndi za m'nthano zimene agogo asimba madzulo pa moto. Kusiyana kwake n'kwakuti izi zinasimbidwa ndi zithunzi za mitundu yowala, ndipo mau ake analembedwa m'timabwalo totuluka pakamwa pa wolankhula.

Cimene osonkhanitsa aikapo mtima kopambana ndi cithunzi ca pa cikuto. Cikuto ca Action Comics nambala 1, cojambulidwa ndi Joe Shuster, cionetsa Superman atanyamula galimoto lobiriwira pamwamba pa mutu wake, akuliphwanyira pa thanthwe, pamene amuna ena akuthawa ndi mantha, mmodzi atagwira mutu ndi manja onse awiri. Ca Detective Comics nambala 27, ca mu 1939, cionetsa Batman kwa nthawi yoyamba, akulendewera pa cingwe pamwamba pa madenga, cigawenga atacipana pakhosi ndi mkono umodzi. Palinso zikuto za Alex Schomburg, amene anali kudzaza tsamba ndi asilikali, ndege ndi makina, kotero kuti munthu angayang'ane nthawi yaitali osatsiriza kuona zonse. Ndiponso pali za Matt Baker, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kuchuka pa nchito imeneyi, amene cikuto cake ca Phantom Lady nambala 17, ca mu 1948, cifunidwa kwambiri kufikira lero.

Cifukwa cimene zikuto zinakongolera motero n'cosavuta kumva kwa aliyense amene anagulitsapo kanthu pa msika. Timabukuti tinali kupacikidwa m'tumasitolo ta m'mbali mwa mseu, tambirimbiri pamalo amodzi, ndipo mwana anali ndi kandarama kogulira kamodzi kokha. Monga mai wa matimati aika aakulu ndi ofiira pamwamba pa mulu, osindikiza anali kupatsa wojambula waluso koposa nchito ya cikuto, kuti cikope diso la mwana asanapite pa tebulo la wina.

Masiku ano cikuto cakula mphamvu koposa kale. Kuyambira mu 2000 kuli kampani yochedwa CGC imene iyesa ubwino wa kabuku kalikonse, ndi kukapatsa malikisi oyambira 0.5 kufikira 10, kenaka ndi kukatsekera m'cikwama colimba ca pulasitiki. Mwini wake akatsegula cikwamaco, malikisiwo afa. Motero kabuku kogulidwa ndi cuma cosaneneka sikawerengedwa konse, ndipo cimene mwini wake aona tsiku ndi tsiku ndi cikuto cokha.

CINAKWEZA MTENGO

Kukongola pakokha sindiko kunakweza mtengo. Cinakweza mtengo ndi kusowa, ndipo cinadzetsa kusowa ndi kutaya. Ta Action Comics nambala 1 tinasindikizidwa pafupifupi 200,000, koma akatswiri aganiza kuti totsala ndi pafupifupi 100 cabe. Tinasindikizidwa pa pepala lochipa ngati la nyuzipepala, loti munthu awerenge ndi kutaya. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, ana a ku America anasonkhanitsa mapepala akale kuti akapangidwenso kukhala zinthu zothandiza pa nkhondo, ndipo makomiki osawerengeka anapita m'menemo. Mu 1948 m'matauni ena makolo ndi aphunzitsi anaunjika timabukuti ndi kutitentha poyera, ponena kuti tikuononga ana. Mu 1954 dotolo wina dzina lake Fredric Wertham analemba buku lotsutsa makomiki, ndipo nkhaniyo inakambidwa ngakhale ndi aphungu a nyumba ya malamulo ya dzikolo. Totsala tinatayidwa ndi amai posesa m'nyumba, ana ao atakula.

Timene tinapulumuka tinapulumuka mwa ngozi, kapena cifukwa ca munthu mmodzi wouma mutu. Mu 2013 mmisiri wina wokonza nyumba ku Minnesota anapeza Action Comics nambala 1 m'kati mwa khoma, m'mene kanaikidwa pamodzi ndi manyuzipepala kuti kachinge mphepo yozizira. Ngakhale kanali kong'ambika, kanagulidwa pa madola 175,000. Ku Denver kunali wojambula wina, Edgar Church, amene kwa zaka zambiri anali kugula makomiki ndi kuwasanja bwino m'cipinda couma ndi cozizira. Mu 1977 abale ake anagulitsa timabuku toposa 18,000 kwa wamalonda wina pa mtengo wocepa kwambiri, osadziwa kuti tambiri mwa ito tinali tosungika bwino koposa tina tonse todziwika. Akulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Church anasunga, koma mkanda anavala ndi ena.

CIKUTO NDI MBONI

Ndarama zikaikidwa pambali, cikuto cakale cikhalabe ndi nchito ina yaikulu, ndiyo kucitira umboni za maganizo a anthu a nthawi yake. Cikuto ca Captain America Comics nambala 1, ca Joe Simon ndi Jack Kirby, cionetsa ngwaziyo ikumenya Adolf Hitler cibakera pa cibwano. Kabukuka kanayamba kugulitsidwa mu Disembala 1940, kutatsala caka cathunthu kuti America alowe m'nkhondo, pamene anthu ambiri kumeneko anali kunena kuti za ku Ulaya siziwakhudza. Ojambula awiriwo anali Ayuda, ndipo ananena ndi cithunzi cimene atsogoleri ambiri anali kuzengereza kunena ndi pakamwa.

Umboni wina ndi wowawa kwa munthu wa mu Africa. M'zaka zomwezo kunali timabuku monga Jumbo Comics ndi Jungle Comics, timene nthano zake zinali kucitikira m'nkhalango za Africa wongopeka. Pa zikuto zake ngwazi inali Mzungu, pamene munthu wakuda anali kujambulidwa ngati mdani wolusa wa mkondo m'manja, kapena ngati wanchito wamantha wofuna kupulumutsidwa. Ana mamiliyoni anakula akuganiza kuti Africa ndi wotero. Mu 1947 mtolankhani wakuda wa ku Philadelphia, Orrin C. Evans, anatulutsa All-Negro Comics, kolembedwa ndi kujambulidwa ndi anthu akuda okhaokha, ndipo m'menemo munali Lion Man, ngwazi yophunzira ya ku Africa. Kanatuluka kamodzi kokha, ndipo kaciwiri sikanaoneke.

Kufupi ndi kuno, ku South Africa, mu 1975 kunatuluka Mighty Man, ngwazi yakuda yobvala ngati Superman, yolimbana ndi zigawenga za m'makomboni koma yosachula konse za ulamuliro wa tsankho. Pambuyo pake kunaululika kuti ndarama zosindikizira zinali kucokera mobisa ku boma la tsankho lomwelo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zikuto zoterezi nazonso ziyenera kusungidwa, kuti mwana wa mawa adzaone ndi maso ake mmene makolo ake ananyozedwera ndi mmene ena anayesera kuwapusitsa.

ZAMBIA NAYE ANALI NDI ZAKE

Apa ndi pamene nkhaniyi ifikira pakhomo. Mu 1971, patapita zaka 7 cilandirire ufulu, Boma linayamba kutulutsa magazini ya acinyamata yochedwa Orbit, imene inali kufika m'masukulu a m'tauni ndi a ku midzi. Munali nkhani za sayansi ndi za nchito za manja, komanso nthano za m'zithunzi monga Space Safari, ya woyendetsa ndege Mike Chanda, ndi ya wapolisi Constable Mulenga. Mwana wa ku Matero kapena wa ku Kalingalinga anatsegula tsamba ndi kupeza kuti woyendetsa ndege ali ndi khungu ndi dzina ngati lake. Kwa mbadwo umene makolo ao anali kugulira zinthu pa windo la sitolo m'masiku a atsamunda, cimeneco sicinali cinthu cacing'ono. Mu 1972 kunayambanso makalabu a Chongololo, ophunzitsa ana kusamala nyama ndi mitengo, ndipo naonso anali ndi magazini yao ya zithunzi. M'maiko ambiri a Africa acinyamata anali kuwerenganso African Film, ya kampani ya Drum, imene kuyambira 1968 kufikira 1972 inasimba za wofufuza milandu Lance Spearman ndi zithunzi zojambulidwa ndi kamera.

Imeneyo ndiyo nyengo ya golide ya dziko lino. Amene anakulira m'makomboni m'zaka zimenezo akumbukira kuti kabuku kamodzi kanali kuyenda nyumba ndi nyumba kufikira katafewa ngati nsalu. Wodziwa Cizungu anali kuwerengera anzake pansi pa mtengo, osadziwa akutsata nthano ndi zithunzi, ndipo ambiri anayamba kukonda kuwerenga mwa njira yomweyo. Cikuto ndico cinali kuyamba kucoka, cifukwa wina anali kucimata pa khoma, wina kukutira naco kope la masamu. Kukondedwa kumeneko ndiko kunapha timabukuti, monga momwe zinacitikira ku America.

Wokayika kuti zinthu za m'Zambia zingafunidwe ndi anthu akunja ayang'ane za nyimbo. Malekodi a magulu a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, a m'zaka za m'ma 1970, anakhala zaka zambiri m'fumbi, eni ake akuwayesa zinyalala. Pambuyo pake osonkhanitsa a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuwafunafuna, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbozo, zikuto zake zakale zikuonekanso m'masitolo a maiko akutali. Cimene mwini nyumba anaponya kuseri, mlendo anadzacitola.

ADANI A PEPALA

Pepala lochipa lipangidwa ndi mitengo yopera, ndipo liri ndi asidi amene pang'onopang'ono alisandutsa lacikasu ndi lothetheka. Dzuwa, kutentha ndi cinyontho zifulumizitsa kuonongeka kumeneku. M'makomboni a Lusaka mdani wamkulu ndi madzi. Kanyama anamangidwa pa malo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu, pamene madzi a pansi pa nthaka ali pafupi, kotero kuti mvula ikacuruka madzi alowa m'nyumba. Cigumula ca mu 1978 cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo kuyambira pamenepo dzinja lakhala likubweretsa mabvuto amodzimodzi ku Kanyama, ku George ndi ku mbali zina za Chawama. Banja likamathawa madzi linyamula ana, zopfunda ndi ufa, ndipo palibe angalidzudzule posiya katoni ya mabuku pansi pa kama. Kusamukasamuka kwa anthu a lendi nako kutaya zambiri.

N'cifukwa cake nkhani iyi ikhudza kwambiri awerengi a ku midzi. Anthu ambiri amene anagwira nchito mu Lusaka anabwerera kwao ku Katete, Petauke, Chadiza, Chipata ndi Lundazi atapuma pa nchito, kapena nchito zitatha m'zaka za m'ma 1990. Anapita ndi mabokosi a citsulo, ndipo pansi pa mabokosiwo, pamodzi ndi masatifiketi ndi zithunzi za ukwati, pagona magazini akale. Nkutheka kuti lero makope abwino a Orbit ali m'midzi koposa m'tauni. Koma ku mudzi nako kuli ciswe, makoswe, denga lodontha ndi moto wa m'chire. Koposa zonse kuli tsiku la maliro, pamene abale agawana zobvala ndi ziwiya, mapepala n'kuwapatsa ana kuti akakolezere moto.

MAU A OTSUTSA

Ena anganene kuti munthu wosowa ndiwo alibe nthawi yosamala zithunzi za ana. Mau amenewa ali ndi coonadi cake, koma kusunga kabuku sikulira ndarama, ndipo pepala limodzi lokolezera moto lingalowedwe m'malo ndi udzu wouma. Ena anganene kuti kusunga ndi nchito ya Boma. N'zoona kuti lamulo la zosindikiza lilamula wosindikiza aliyense kupereka kope ku National Archives of Zambia mu Lusaka, ndipo laibulale ya University of Zambia nayo isunga zolembedwa za m'dziko lino. Koma mbeu yosungidwa m'nkhokwe imodzi yokha ili pa ngozi, ndiponso mwana wa ku Vubwi sangakwere basi kupita ku Lusaka kuti akaone cimene agogo ake anawerenga.

Palinso cenjezo kwa amene amva za mamiliyoni ndi kuyamba kulota. Sikwanzeru kuyembekezera kuti m'bokosi la ku mudzi mudzatuluka Superman wa mu 1938. Timabuku tochukati tinasindikizidwanso kangapo m'zaka zapambuyo, monga mu 1974 pamene Action Comics nambala 1 inatulukanso pa masamba okulirapo, ndipo makope otere mtengo wake ndi wocepa. Munthu wobwera ndi kabuku kooneka kakale, nanena kuti agulitsa mochipa cuma ca mamiliyoni, ayenera kukayikiridwa. Momwemonso wobwera kudzagula mapepala onse a m'nyumba mothamanga asapatsidwe msanga, mwini asanafunse anthu odziwa. Phindu lenileni la Orbit ndi anzake ndi mbiri imene asunga, ndipo mbiri ikagulitsidwa kunja, mdzukulu adzalipira kuti aione.

Ojambula a lero naonso atengepo phunziro. Jerry Siegel ndi Joe Shuster anagulitsa umwini wonse wa Superman mu 1938 pa madola 130. Kampani inalemera, iwo nakalamba m'umphawi, kufikira mu 1975 pamene anthu anadandaula kwambiri ndipo kampaniyo inabvomera kuwapatsa madola 20,000 pa caka aliyense ndi kubwezera maina ao pa nchito yao. Bill Finger, amene anathandiza kupanga Batman, anamwalira mu 1974, ndipo dzina lake linayamba kulembedwa mu 2015. M'makomboni a Lusaka muli anyamata ndi atsikana aluso amene ajambula zikwangwani za mashopu ometera tsitsi ndi za mabasi. Mu 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4, nthano ya Malenga Mulendema ya atsikana anai amphamvu oteteza mzinda wa Lusaka, umboni wakuti ngwazi za kuno zingafike kutali. Wojambula aliyense alembe dzina lake ndi caka pa nchito yake, asunge kope, ndipo asasaine pepala limene sanalimvetse.

COYENERA KUCITA

Amene ali ndi bokosi lakale alitsegule m'nyengo ya cilimwe ndi kuona zimene zilimo. Magazini ndi timabuku ta zithunzi tigonekedwe cathyathyathya, tosapinda, pamalo ouma ndi amthunzi. Bokosilo likwezedwe pa njerwa kapena pa thandala, lisakhudze pansi kapena khoma. Thumba la pulasitiki lithandiza kuchinga madzi, koma pepala liyambe lauma bwino lisanalowemo, cifukwa cinyontho cotsekeredwa cibala nkhungu. Pong'ambika pasamatidwe ndi selotepi kapena ulimbo, pakuti zimenezi zidetsa pepala ndi kulidya. Cikuto cisacotsedwe pa kabuku kake, ngakhale cikongole motani. Mdzukulu amene ali ndi foni ajambule cikuto ndi masamba onse, kuti ngakhale pepala litaonongeka cithunzi cikhalepo.

Aphunzitsi aakulu a masukulu angathandize popempha makolo kubweretsa magazini akale pa tsiku la msonkhano, kuti ana aone ndi kuwerenga, kenaka eni ake abwerere nao. Mafumu ndi akulu a mipingo, amene mau ao amveka pa maliro, akumbutse abale kuti mapepala a womwalira ayambe aonedwa asanatenthedwe. Amene afuna kupereka zimene ali nazo kuti zisungidwe kosatha angalembere ku National Archives of Zambia kapena ku Lusaka National Museum.

Anthu a ku America anazindikira mocedwa, atatentha ndi kutaya pafupifupi zonse, ndipo lero agula ndi mamiliyoni cimene makolo ao anasesera ku dzala. Zambia akali ndi mwai, pakuti ambiri mwa amene anawerenga Orbit ali ana akali moyo, ndipo mabokosi ao akalipo. Madzi akatayika saoleka. Dzinja likudzali lisanafike, bokosi liri pansi pa kama litsegulidwe.